Nambala Yosadziwa Munthu

A Amponsah a ku Kumasi anagula galimoto yochokera ku Amereka yotsegula ndi mabatani a manambala pachitseko. Tsiku lokafunsira mwana wawo mbeta ku Mampong, anauza mlamu wawo Bediako, wokonza mawailesi, kuti aikemo nambala yatsopano. Mbuzi ndi nsalu ya kente zokapereka kwa apongozi zinali kale pampando wakumbuyo.

"Mwaika, alamu?" anafunsa a Amponsah, akumenyetsa chitseko.

"Ndaika."

"Ndi yotani?"

"Kaya."

"Kaya chiyani?"

"Munati ikhale yoti munthu aliyense asaidziwe. Ndiye ndinadina nditatsinzina."

A Amponsah anavula magalasi. "Ndimanena anthu ena!"

"Simunatchule ena. Inenso ndine munthu, alamu."

"Chabwino. Makiyi ali kuti?"

Bediako analoza mkati. "Apo, pampando wanu. Paja mwati makiyi ndi a anthu otsalira."

"Ndipo sindisintha mawu! Galimoto iyi itseguka ndi nambala basi. Zala zanu zinayenda bwanji?"

Bediako anatsinzina, nadinadina. Hutala inalira kawiri. Mbuzi inadzidzimuka n'kuyamba kutafuna ngodya ya kente.

"Mayo ine! Ikudya ukwati wa mwana wanga! Chitanipo kanthu!"

Bediako anagogoda pazenera mwaulemu. "Pepani, nsaluyo si yanu."

"Mukukambirana ndi mbuzi?"

"Ndiyo inali maso pamene ndimadina. Mwina inaona."

A Amponsah anayesa chaka chawo chobadwa, kenako cha akazi awo, chimene amauza anthu ndi chenicheni chomwe. Chitseko chili gwa. Thukuta linanyowetsa malaya a chikondwerero.

"Tiitane amakanika?" anatero Bediako.

"Kuti Kumasi yense andiseke? Ndipatseni mwala!"

"Waukulu kapena waung'ono?"

"Mwala, alamu!"

Phwaa! Galasi lakutsogolo linamwazika. Mbuzi, ndi mantha, inagunda chitseko chakumbuyo. Chinatseguka bwinobwino, iyo n'kuliyatsa liwiro kulowera kumsika, kente ili kukamwa.

A Amponsah anangoti kukamwa yasa. "Chitseko chija chinali chosatseka?"

"Eya. Chingwe cha mbuzi chinapanikizika pamenepo. Ndinaona kalekale."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimaopa kukunyozetsani, alamu. Munthu wa galimoto ya manambala angalowere khomo la mbuzi?"