Dzanja Lotsala Paphewa

Pa siteji ya basi pa Nkando, mayi wina anayandikira bambo wachilendo amene anakoloweka kamera m'khosi. Anayamba waponya maso uku ndi uku, kenaka anasolola chithunzi m'bulauzi.

"Pepani bambo, ndinu ojambula? Mungandifafanizire dzanja ili?"

"Inu mwaoneka bwino apa, mayi. Koma munthu amene anaima pambali panu mwamudula ndi lezala. Ndani?"

"Bambo a kunyumba. Anakana kugula khadi la chipani, ndiye anathawira kutsidya kwa malire kudzera pa Muloza. Panopa ayufi a chipani akusecha nyumba ndi nyumba."

"Tsitsani mawu. Dulaninso dzanjalo."

"Lili paphewa panga, ndikadula ndidzidula ndekha. Komanso onani chala ichi, n'choduka. Anadzitema ndi mpeni wodulira tiyi, ndipo ku esiteti kulibe amene sachidziwa."

"Mankhwala ofafanizira ndilibe. Ine masiku ano ndimangojambula munthu ali yekhayekha. Ngakhale paukwati pomwe, anthu akumaima motalikirana, poti sudziwa amene atengedwe mawa."

"Ndiye ndichiotche? Ndi tsiku lokhali limene anandigwirapo pamaso pa anthu. Anachita kuuzidwa ndi wojambula, iwo manyazi ali tho."

"Musaotche ayi. Akakufunsani, muzinena kuti ndi dzanja la malemu. Za akufa safunsa kawiri."

"Koma ali moyo, bambo. Dzana lomweli anatumiza uthenga."

"Zimenezo ine sindinamve, mayi. Bisani chithunzicho, basi yanu ndi iyo."