Zithunzi Zitatu za a Potiphar Likaka

Malemu a Potiphar Likaka anabadwa pa 9 Juni 1951 kuno ku Lirangwe. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Thomson, mng'ono wawo, ndipo ndineneretu pamaso pa bokosili kuti ndinawalakwira mu 1984. Abale ena anati ndisalembe zimenezi. Ndalemba.

Sukulu anaphunzira mpaka Sitandade 7, ine ndinalekera 4. Mu 1973 anayamba ntchito yotchetcha udzu ku bwalo la ndege la Chileka, ndipo mu 1976 anamanga banja ndi mayi Sikina. Mu 1980 anagula kamera n'kumajambula maukwati ndi ubatizo, akupalasa njinga mpaka ku Madziabango.

Pa 14 Ogasiti 1984, masana akuweruka ku ntchito, anaona chinthu kumwamba: chozungulira ngati chivundikiro cha poto, chonyezimira, chopanda mapiko, chopanda phokoso. Chinaima malo amodzi, kenako chinazimiririka. Anajambula katatu. Atakatsukitsa filimu ku Blantyre, chinthucho chinaoneka pa zithunzi zonse zitatu. Malemuwa ndege ankazidziwa, anali atakhala nazo zaka khumi ndi chimodzi. Sanatchule kuti chinali chiyani. Ankangoti si ndege.

Anthu ankadzaza pakhomo pawo kudzaona. Chaka chomwecho tonse awiri tinatchulidwa pa chisankho cha ukulu wa mpingo. Ine ndinalowa m'nyumba mwawo iwo kulibe, ndinatenga zithunzizo ndi filimu yomwe m'sutukesi, n'kupita nazo kwa akulu a mpingo. Ndinanena kuti limeneli ndi lichero louluka nalo afiti, ndipo munthu wamba sangalione dzuwa likuwala. Ena mwakhala panonu munandivomereza tsiku limenelo, musayang'ane pansi. Zithunzi zinawotchedwa kuseri kwa tchalitchi. Achimwene anadulidwa mu mpingo, ine ndinasankhidwa.

Anauzidwa kuti akalapa abwezeretsedwa. Anakana kulapa chimene sanachite. Anthu anasiya kuwaitana kumaukwati poopa kuti kamerayo ili ndi mankhwala, ndipo atapuma ntchito mu 1996 anangotsala ndi khasu. Ine sanandinenepo mwano. Mkazi wanga atadwala, amene anamutengera kuchipatala pa njinga ndi iwowa.

Mu 2019 mwana wawo Rosemary anandionetsa pa foni zithunzi zakale za kumayiko akunja, za zinthu zofanana ndi chija. Kumeneko akuti amazisunga mpaka lero. Ndinaona, ndinabweza foni.

Malemu anayamba kudwala shuga mu 2021, ndipo atisiya pa 3 Meyi 2024 ali ndi zaka 72. Asiya mayi Sikina, ana atatu, Rosemary, Chrispin ndi Modesta, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Tikuthokoza adzukulu okumba manda, amayi amene akhala m'siwa ndi alamu anga, ndi anzawo akale a ku bwalo la ndege amene atithandiza galimoto. Amene mwangobwera kudzamva zimene ndinene, mwamva.

Achimwene, usani mumtendere.

Dzulo ndinapita kwa akulu a mpingo kukaulula kuti ndinanama. Anandiyankha kuti m'buku dzina la malemu lidakali pa odulidwa, ndipo nkhaniyo idikira msonkhano wa mu Julayi. N'chifukwa chake pano palibe kwaya, ndipo kumanda tipita opanda nyimbo.