Kamtengo ka M'chitini

Pa siteji ya basi, mayi ena achikulire anakhala pa benchi atafungatira chitini cha penti, m'menemo muli kamtengo ka mandimu. Bambo amene anakhala nawo pafupi analephera kuugwira mtima.

"Amayi, kamtengoko mwakafungatira ngati khanda. Mukukakadzala kuti?"

"Kudzala? Ndikusamukira m'nyumba ya lendi, bambo. Dzulo ndinapita kukakolopamo, alandilodi n'kundiuziratu kuti pabwalo pawo munthu wa lendi sakumbapo. Ati munthu akadzala mtengo amavuta kumutulutsa."

"Nanga kale mumakhala kuti?"

"M'nyumba yangayanga, yomanga malemu amuna anga. Ana anati yandikulira, tigulitse, ndikakhale kufupi ndi iwo. Ine kupusa, n'kuvomera. Make wa kamtengoka watsala komweko, kuseri kwa khitchini. Anadzala ndi manja awo bambowo."

"Pepani, amayi. Komatu bola mukanangokasiya. M'chitini mtengo sukula. Mizu imangozungulirazungulira, kusowa kolowera."

Mayiwo anapukuta fumbi pa tsamba limodzi ndi chala.

"Ndikudziwa, bambo. Nanga ineyo mukuyesa ndikukatani kumeneko?"