Lamba Ameneyu Sindivula

Ine ndinali chidakwa, abale, chidakwa chamatama. Zaka zambiri ndagwira ntchito m'fakitale ya tiyi, kosefera masamba ouma, kumene fumbi limangoti kobo. Ndikaweruka, chingambwe pakamwa, ulendo wa ku Masambanjati kukachasu. Akazi anga akati tipite nacho kuchipatala chifuwachi, ndinkati, "Chifuwa sichipha mwamuna."

Ndinapita nditayamba kubanika pokwera kamtunda ka kwathu komwe. Anati mapapo anawonongeka, kuchira sachira, koma kuwasamala n'kotheka. Anamwino, a Mbewe, anandiveka kalamba pachifuwa. Kamawerenga mmene ndikupumira n'kumatumiza ku foni yawo. Anati matendawa akamafuna kuyambanso, kapumidwe kamasintha mwiniwakene usanamve kanthu.

Lachitatu lina anandiimbira ndili pantchito, makina akulira.

"Bambo Likoswe, masiku ano simukupuma bwino. Mubwere lero lomwe."

Ine ndinamva kupuma kwinaku, kokhala pansi. Mtima unandipsa. Ndinati, "Mayi, kupuma n'kwa mabwana a mu ofesi. Dzinja lino tiyi sadikira munthu." Ndinadula foni.

Ndisakunamizeni, pansi pa matamawo panali mantha. Ndinkati akapitawo akamva zoti ndikudwala, andipumitsa ntchito, ndipo nyumba ya kampani tituluka. Kalambako ndinakavula, n'kukaponya m'thumba.

Lachisanu masana ndinagwa pamsewu, pakati pa minda ya tiyi. Mpweya unakana kulowa. Kukamwa kuli yasa, koma ayi ndithu. Ngakhale dzina la Yesu linakanika kutuluka. Ndinangopempha chamumtima: Ambuye, mpweya umodzi wokha. Anandinyamula ndi anthu a pa thirakitala yotuta masamba.

Nditatsitsimuka, a Mbewe anali chiimire pambali pa bedi. Anati, "Ndinkanena kupuma kwa mpweya, bambo inu!" Ndinalira, mwamuna wamkulu, akazi anga akuona. Chenjezo linabwera kudakali masiku awiri, ine n'kulidula ndi chala changa.

Pabedi pomwepo ndinapereka moyo wanga kwa Yesu. Chingambwe ndinasiya, kachasu ndinasiya. Sizinali zophweka. Kenako ndinapita ndekha kwa akapitawo. Ndinati, "Ndikudwala mapapo. Ngati n'kundichotsa, mundichotse ndili moyo." Anandisamutsira ku geti, kopanda fumbi. Chichokereni apo a Mbewe andiimbira kawiri, ndipo kawiri konseko ndinapita tsiku lomwelo, n'kubwerako ndi miyendo yanga.

Tsono ndamva zonong'ona muno mumpingo. Eti Likoswe amavala chithumwa. Eti akanakhala ndi chikhulupiriro akanavula. Ha! Chithumwa amachita kubisa, ine ndikumasula mabatani, onani. Ndinavulapo kale kamodzi, ndipo munatsala pang'ono kundiimbira nyimbo za maliro. Mulungu amene anauzira mpweya m'mphuno mwa munthu ndi yemweyo anapatsa anthu nzeru zouwerenga. Nenani mpaka mutope, sindivula.

Alemekezeke Ambuye pa mpweya uliwonse umene ndakoka pokuyankhulani pano!

Ndipo inu mukutsokomola kumbuyoko, ndakumvani chiyambire mapemphero. Mukutsekera nsalu pakamwa kuti anzanu a kuntchito asadziwe. Yesu akukufunani amoyo. Mawa ndili ndi ulendo wa kuchipatala, ndinyamukira pa geti sikisi koloko m'mawa. Ndimayenda pang'onopang'ono masiku ano. Mundipeza.