Singano ya Matumba a Nandolo

Pa siteji ya Nkando, bambo wina anathandiza mayi wosamudziwa kukweza thumba la nandolo m'minibasi.

"Koma mphamvu muli nazo, achimwene," anatero mayiyo.

"Mukanandiona mwezi wathawu, mayi. Ndimanyamulira alendo zikwama kukwera phiri ku Likhubula, ndiye mapewa ndi msana zinauma gwa. Mlendo wina ananditengera kwa dokotala wa Chitchaina ku Limbe. Anandibaya singano khumi ndi ziwiri."

"Majakisoni onsewo tsiku limodzi?"

"Ayi, singano chabe, zopanda mankhwala. Anazisiya zili njo kumsanaku, ine chigonere ngati nungu."

"Mayo ine. Inu osathawa?"

"Kenako anayatsa kamtolo ka masamba ouma, n'kumakayandikiza pakhungu mpaka pamalopo patenthe."

"Kukuwambani ngati mbewa, inu muli phee?"

"Koma ndinadzuka mapewa atamasuka."

Mayiyo anasendera pafupi.

"Bambo akunyumba akudandaula pachifuwa, sabata yachiwiri ino. Akumabanika. Mwati singano zingati?"

"Khumi ndi ziwiri. Koma zija n'zopyapyala ngati tsitsi, ndipo mwini wakeyo anachita kuphunzira pobaya pake. Za pachifuwazo thamangani nawo kuchipatala."

"Kuchipatala amakana. Ine singano ndili nayo imodzi, yosokera matumbayi. Ndingobaya malo khumi ndi awiri. Masamba a fodya ouma aliponso."

Bamboyo anagwira chitseko cha minibasi.

"Akondakitala, tsitsani thumba lija. Mayi awa sakwera mpaka timvane."