Dzanja Lodikira Chiphaso

Kale ndithu, Germantown ino isanadzaze nyumba zogundizanazi, ine ndinafika kuno ku Amereka ndi sutikesi imodzi ndi manja odziwa ntchito. Tadala, tsitsa foniyo, chiphaso chako sichitulukira m'menemo, lero ndi Lamulungu. Nawenso Chikondi sendera kuno. Sukulu ya unamwino wapamwamba mwamaliza, mayeso mwakhoza, koma kudikira chilolezo cholembera odwala mankhwala mukukuona ngati chilango. Inenso ndinadikirapo, ndipo kudikirako kunatsala pang'ono kundilanda makolo anga a kuno.

Kwathu ndinali namwino pa kachipatala ka kumudzi kumene dokotala tinkangomumva dzina. Kupima ndekha, kulemba mankhwala ndekha, mvula ikuimba pamalata, amayi atandanda pakhonde ndi ana kumsana. Koma nditafika kuno, aa, dzanja lomwelo linaletsedwa kupereka ngakhale mankhwala a mutu. Ndinkasambitsa nkhalamba ku Bethesda, ndipo pobwerera, sitima ikamandigwedeza, ndinkawodzera n'kulota ndili pakhonde lija, bolopeni ikuyenda yokha papepala. Ndikatsegula maso, pawindo pali chipale chofewa, mbuu!

Amene anandilandira anali a Mwale, dalaivala wa ku ofesi ya kazembe, ndi mayi a kunyumba kwawo. Anandipatsa chipinda, anandigulira jekete loyamba, ndipo ndi iwo amene anandikankhira kusukulu imvi zitayamba kale kusuzumira. Ndinkawatcha bambo, ndipo ndinkawagwadira ngakhale pa kapeti ya ku Amereka.

Kusukuluko chinandivuta ndi kulemba kafukufuku. Inu masiku ano mumangobaya kompyuta, mabuku onse n'kubwera okha, koma ife tinkagona mulaibulale. Ndiye poti ndinaleredwa kuti mwana satsutsa akulu, ndinadzaza masamba ndi zimene akatswiri ananena, ine n'kubisala kumbuyo kwawo. Aphunzitsi anga anandibwezera pepala lija n'kundifunsa kuti, “Nanga iwe uli pati? Waona chiyani ndi maso ako?” Ndinakwiya, eetu, koma ndinakalemba zimene ndinkaona kutchalitchi kwathu: akuluakulu akubwerekana mapiritsi a BP ngati mchere, wina akutulutsa m'thumba obwera nawo kumudzi, ndipo kuchipatala akafunsidwa amangoti ali bwino. Pepala limenelo ndi limene linandimalizitsa sukulu.

Tinachita phwando, a Mwale anavina mpaka thukuta. Koma chiphaso chinali chisanabwere, ngati mmene zilili ndi inumu.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, a Mwale anandiitanira pambali. Anavula nsapato, ndipo phazi linali litatupa, ndikadina chala pamatsala dzenje. Anati, “Mwanangu, undilembereko mapiritsi aja amamwa mnzanga aja, amuthandiza kwambiri. Si waphunzira iwe?”

Ana inu, kukana munthu amene anakupatsa denga kumawawa. Dzanja langa linkadziwa dzina la mankhwalawo, linkachita kuyabwa. Ndinagwada pansi pa simenti yozizira ija n'kunena kuti, “Bambo, chilolezo sichinabwere. Ndipo chikanakhala kuti chabwera, sindikanakulemberani pakhomo pa tchalitchi, magazi osayezedwa. Tiyeni kuchipatala, ndikuperekezani.”

“Ndisiye ntchito chifukwa cha phazi? Kodi sukulu ija inali yophunzira kukana makolo?” Anavala nsapato yawo pang'onopang'ono, osandiyang'ananso.

M'mawa mwake ndinakaimika galimoto pakhomo pawo, poti ndinali nditasamukapo kale, ndipo sindinagogode, ndinangokhala. Mayi anasuzumira pawindo, anasuzumiranso, kenako ndinaona akuwatulutsa bambo atawaveka chipewa. Ulendo wonse wa kuchipatala cha ku Bethesda ankangoyang'ana mitengo yopanda masamba. Kumeneko anawapeza ndi vuto la impso, ndipo anawauza kuti mapiritsi a mnzawo aja akanangowonjezera moto.

Mukuganiza kuti anandithokoza? Ayi ndithu! Munthu wamkulu akachita manyazi pamaso pa mwana, mtima suphwa msanga. Ndikawapatsa moni ankangoti “Tili bwino,” basi, osafunsa za ine. Ndinalira, Chikondi, ndinalira ngati wamasiye, ndipo tsiku limene chiphaso chinafika ndinachiyang'ana n'kuchiika m'kabati, chifukwa amene ndinkafuna kuwaonetsa sankandilankhula.

Mitengo itaphukanso maluwa, ndinali nditayamba ntchito pa kachipatala kakang'ono. Tsiku lina masana, dzuwa likulowa pawindo mwaulesi, ndinatsegula chitseko kuti ndiitane wodwala wotsatira, ndipo pampando panali a Mwale, chipewa pabondo, akudikira pamzere ngati wina aliyense. Ndinayesa ndikulota maloto a musitima aja.

Atalowa anati, “Ndamva kuti dzanja lija analimasula.”

“Analimasula, bambo, koma ndiyamba ndakufunsani mafunso.”

“Funsani onse, adokotala. Lero sindinena kuti ndili bwino.”

Anandiuza zonse, ndi za mizu imene ankatafuna mobisa yomwe. Ndinawapima, ndinawerenga zimene madokotala a impso analemba, kenako ndinatenga bolopeni, poti nthawi imeneyo tinkalemba papepala, osati zanuzi zongotumiza pa kompyuta. Dzanja limene linalembera anthu osawerengeka kwathu linalembanso tsiku limenelo. Ndinawapatsa pepalalo ndi manja awiri monga ndinaleredwera, ndipo iwo, munthu wamkulu chonchija, anaimirira n'kulilandira ndi manja awirinso.

Ndiye ana anga, dikirani bwino, chiphaso chibwera. Pamene mukudikira werengani, ndipo polemba kafukufuku wanu musabisale, lembani zimene maso anu aona. Koma dziwani kuti Lamulungu likubwerali wina amene anakunyamulani muli khanda adzakukokerani pambali n'kuvula nsapato. Mudzamugwadire, mudzamukanire mwaulemu, ndipo m'mawa mwake mukaimike galimoto pakhomo pake.

Tadala, tiyi wazizira uyu. Thira wina, ndipo kapu inayo ukawapatse agogo ako a Mwale pakhondepo, nthawi ya mankhwala awo yakwana.