Tsiku limene dzina langa linaimirira popanda ine

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye Yesu ukhale nanu nonse. Ine ndine Yotamu Kumwenda. Ndikulitchula momveka dzinali chifukwa tsiku lina ndinalikana ndili pakhomo panga pomwe, dzuwa likuswa mtengo.

Kwathu ndi ku Rumphi, koma ndinakulira ku Kawale. Malemu bambo anga anali mkulu wa mpingo. Ndinabatizidwa, ndinaloweza katekisimu, ndinaimbako ngakhale kwaya. Zonsezo ndinazisiya nditagwira chiwongolero.

Inali nthawi imene matipate anali atangolowa, maminibasi atabuka paliponse ngati bowa. Ine ndinkayendetsa ya bwana wina, kuchokera ku Chilinde kudzera ku Kawale mpaka mtauni. Ndinali dalaivala wodziwa, zimenezo sindinganame. Koma ndinalinso chidakwa, ndiponso wodzimva. Kabotolo ka kachasu kankakhala pansi pa mpando wanga, ndipo ndinkati ndikalawa ndiye maso amaona bwino msewu.

Apolisi apamsewu ankandidziwa. Lero andilembere tikiti ya kulongeza anthu mopyola muyeso, mawa ya matayala akutha, mkuja ya kuima posayenera. Munthu ukalemberedwa tikiti umayenera kukalipira chindapusa, apo ayi ukaonekere kukhoti pa tsiku limene akuuza. Ine mapepalawo ndinkapichira fodya, anzanga pasiteji n'kumaseka. Kenako anandigwira ndikuyendetsa nditaledzera, n'kundipatsa chisamani. Nachonso ndinachisuta. Sindinkadziwa kuti munthu ukapanda kuonekera, khoti limalamula kuti akakupeza paliponse akumange.

Pakhomo tinkakhala ine, akazi anga a Nabanda, ana athu awiri, amama amene anali atakalamba, ndi mng'ono wanga Wongani. Wongani anali wofatsa, wa kutchalitchi. Galimoto ndinamuphunzitsa ndine, koma laisensi anali asanatenge.

Laisensi ya masiku amenewo kanali kabuku, chithunzi chomata ndi guluu. Yanga inali itachapidwapo m'thumba la buluku, moti pachithunzi pankangooneka mphumi ndi makutu. Ndipo mphumi ya kwa Kumwenda ndi imodzi. Madalaivala ambiri tinkachita zimenezi, laisensi imodzi kudyetsa banja lonse. Ndikadzuka ndi matsire, Wongani ankatenga kiyi mwakachetechete n'kukandigwirira ntchito kuti bwana asandichotse. Kabuku kaja kankakhala m'galimoto momwemo.

Mmawa wina anapita choncho, ine ndili gada pamphasa. Sanabwerere.

Madzulo bwana anabwera atalunda. Anati apolisi agwira minibasi cha ku Biwi, kondakitala wathawa, dalaivala amutenga. Galimoto yake anakaiwombola yekha, ntchito n'kundithera pomwepo. Za kumene anamutengera Wongani, anati si nkhani yake.

Mukuganiza kuti ndinathamanga kukamufuna? Ayi. Ndinkaopa kuponda pa polisi chifukwa cha matikiti aja. Ndinatuma azimayi.

A Nabanda ndi amama anayamba ulendo. Anapita ku polisi ya kufupi ndi kwathu, n'kufunsa Wongani Kumwenda. Anawauza kuti munthu wotere mulibe. Anapita ku polisi yaikulu, yankho lomwelo. Anapita kukhoti, anapita pa geti la ndende atanyamula chakudya m'kambale. Kulikonse ankawayankha mwaulemu ndithu kuti Wongani Kumwenda sanamangidwepo. Chakudya chinkabwerera chitazizira, ana n'kudya.

Inu amene munakhalako m'zaka za m'mbuyomo mukudziwa mmene mtima unkachitira ukamva kuti munthu anatengedwa koma kulibe. Zinthu zinali zitasintha, koma mantha anali asanatuluke m'mafupa. Aneba anayamba kutipatsa moni wapansipansi ngati pamaliro. Amama anasiya kufunsa amoyo, anayamba kupita ku nyumba ya chisoni ya kuchipatala, kukavundukula nkhope za anthu osadziwika. Akabwerako ankasamba m'manja nthawi yaitali.

Ine ndinkamwa. Za laisensi ija ndinkadziuza kuti ili ndi bwana, inatsalira m'galimoto. Sindinapite kukamufunsa, chifukwa mtima unkadziwa kale chimene mutu unkakana.

Masabata anadutsa. Tsiku lina masana, m'nyengo yotentha ija, ndinali ndekha pakhonde. A Nabanda anali kumsika, amama atagona m'nyumba. Kunali zii, ngakhale nkhuku zinali zitabisala. Ndinangoona munthu ataima pa mpanda, sindinamve mapazi ake. Anali wowonda, mutu wometa mpala, khungu lotuwa ngati wagona paphulusa.

"Odi. Pano ndi pa a Yotamu Kumwenda?"

Ndinati ndi pomwepo.

"Ndikufuna akazi awo, a Nabanda. Ndatuluka dzulo ku rimandi. Amuna awo tinali selo imodzi. Andituma kuti ndidzanene kuti ali moyo, asadandaule, koma wina aliyense asapiteko. Mlandu wawo ukulowa Lachinayi ku khoti la majisitireti."

Munthu anali kundiuza, ine Yotamu, kuti Yotamu ali kundende.

"Koma akutsokomola moipa," anapitiriza. "Malo awo ndi pafupi ndi ndowa ya chimbudzi, pansi ponyowa. Chifuwa chimenecho sichabwino, akakhalitsa muja satuluka woyenda. Nanga inu ndinu ndani wawo?"

Abale, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, "Ndine mng'ono wawo, Wongani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu n'kunena kuti tikufanana kwambiri. Anapempha madzi, anamwa, n'kumapita. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota pa chigayo.

Tsopano zonse ndinazidziwa. Apolisi anaona dzina pa laisensi, anapeza kuti mwini dzinalo akufunidwa ndi khoti, n'kumumanga. Wongani akanangonena kuti si iye, apolisi akanabwera kudzanditenga ine. Anasankha kukhala chete. Azimayi anavutika kufuna munthu amene boma silinamumange, chifukwa womangidwa anali Yotamu.

Ndipo ine sindinauze aliyense. Amama atadzuka anafunsa kuti ndimayankhula ndi ndani. Ndinati ndi wogulitsa makala.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zinayamba kundichitikira zimene mpaka lero sindizimvetsa. Ndinapita ku shabini, ndinamwa mpaka m'thumba mwauma, koma osaledzera. Mowa unkangotsika ngati madzi. Mnzanga anandiitana dzina katatu ali pafupi nane, ine osatembenuka, mpaka anachita kundigwedeza. Ndikayenda mumsewu ndinkamva ngati anthu akundidutsa osandiona. Ndikakhala phee ndinkamva munthu akutsokomola kuseri kwa nyumba, ndikapitako n'kupeza kulibe munthu.

Lachitatu amama anandiitana kuchipinda. Anali atayala malaya a kwaya a Wongani pabedi, atawasita.

"Mwana wane," anatero, "ndatopa kuvundukula ana a eni. Tumiza uthenga kumudzi. Kwathu munthu akasowa mtembo timaika thunthu la nthochi m'manda, kuti mzimu wake upeze pogona. Tikamuveka malaya awa."

Ndinayang'ana malaya aja, manja ake atatambasuka pabedi. Mayi anga ankakonza maliro a mwana wamoyo, ine wodziwa ndili chilili pambali pawo. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo. Komabe ndinangoti, "Chabwino, amama."

Lachinayi ndinapita kukhoti. Musaganize kuti ndinapita kukadzipereka. Ndinkafuna kungomuona ndi maso, n'kubwerera. Ndinavala chipewa n'kuchitsitsa mpaka m'maso.

Panja panali anthu ambiri pansi pa mitengo, azimayi ndi timadengu, aliyense akudikira wake. Lole ya kundende itafika onse anathamangira, kuitana mayina. Ine ndinalowa m'khoti n'kukhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo. Wapolisi anandilozera chipewa, ndinavula.

Milandu ya pamsewu imathamanga. Dzina, mlandu, kuvomera, chindapusa, wina abwere. Ndinayamba kuwodzera ndi kutentha. Kenako mawu anamveka m'chipinda chonse.

"Yotamu Kumwenda!"

Miyendo yanga inadzidzimuka yokha kufuna kuimirira. Ndinagwira benchi ndi manja onse awiri. Ndipo kutsogolo, pakati pa akaidi, munthu anaimirira pang'onopang'ono n'kulowa m'kabokosi ka oimbidwa mlandu.

Sindinamuzindikire msanga. Wongani anali wonenepa, wa masaya. Uyu masaya anali atalowa, maso ali m'maenje, milomo yosweka ngati ya munthu wa kachasu. Ndende inamusandutsa ine. Ndinali ngati ndikudziyang'ana ndekha nditaima uko, pamene pa benchi pakhala chinthu china chopanda dzina.

Anayamba kuwerenga milandu, womasulira akuitembenuza m'Chichewa. Uliwonse ndinkaukumbukira, malo ake ndi mmene ndinasekera. Uliwonse akafunsa ngati akuvomera kapena akukana, mng'ono wanga ankati, "Ndikuvomera." Pa mlandu wa kuyendetsa ataledzera, mwana amene sanalawepo mowa chibadwire anati, "Ndikuvomera." Kenako anatsokomola mpaka anagwira thabwa, khoti lonse n'kumudikira.

Woweruza, mayi wa magalasi, anati mlandu wa mowa ndi kunyoza chisamani ndi zofunika ndende. Anafunsa ngati ali ndi mawu asanapereke chilango.

Wongani anaweramitsa mutu. "Bwana, ndili ndi mkazi ndi ana awiri, ndi mayi okalamba. Ndinali munthu wa mowa ndi wamwano. Ndalakwira boma, ndalakwira banja langa, ndalakwira Mulungu. Koma ine Yotamu mowa ndasiya. Mundichitire chifundo."

Sanadziwe kuti ndili m'chipindamo. Sankachita zoti ndimve. Ankalapa machimo anga ndi pakamwa pake, mawu amene ine ndinali ndisanawanenepo kwa munthu kapena kwa Mulungu.

Pamenepo vesi limene bambo ankatiwerengera tili ana linandibwerera lonse, loti Iye analasidwa chifukwa cha zolakwa zathu, ndipo chilango chotitengera mtendere chinamugwera Iye, koma sanatsegule pakamwa pake. Ndinaliloweza kalekale kuti ndikhoze mayeso a kalasi. Tsiku limenelo ndinaliona ndi maso, litaima m'kabokosi, likutsokomola.

Khomo linali pafupi. Ndikanatha kutuluka, palibe akanadziwa. Koma mawondo anawongoka, ndipo ndinamva mawu anga akutuluka mokweza.

"Bwana, ameneyo si Yotamu. Yotamu ndine."

M'khoti munabuka phokoso, wapolisi akukuwa kuti anthu akhale chete. Wongani anatembenuka, ndipo atandiona anatseka maso. Woweruza anavula magalasi, anayang'ana iye, anayang'ana ine, n'kuimitsa mlandu.

Anatitsekera limodzi m'kachipinda ka kuseri kwa khoti. Ndinagwada pa simenti n'kugwira mapazi ake, ndikulira ngati mwana. Iye anandidzutsa.

"Achimwene, mwaimiriranji? Ana adya chiyani?"

Ndinangomufunsa kuti wapirira bwanji.

Anati amayi a Mvano ankabwera kundende Loweruka lililonse kudzapemphera ndi akaidi. Ankafunsa aliyense dzina lake kuti azikamutchula kwa Mulungu sabata yonse. "Ine ndinkawapatsa dzina limene ndinali nalo," anatero. "Ndiye amayi aja akhala akupempherera Yotamu Kumwenda kuti Ambuye amumasule. Ndinkangoti ameni, podziwa kuti Mulungu sasokoneza anthu."

Abale, Mulungu sanasokoneze. Mapemphero aja anadutsa mpanda wa ndende, anadutsa Biwi, n'kudzandipeza pa shabini ku Kawale. Ndiye chifukwa chake mowa unaleka kundigwira.

Khoti linandipatsa miyezi yanga, ndipo inali yondiyenera. Laisensi anandilanda. Wongani anali ndi mlandu wake woyendetsa popanda laisensi ndi kunamiza boma, koma woweruza ataona nthawi imene anakhala kale ndi mmene ankadwalira, anamumasula kuti apite kuchipatala. Chinali chifuwa chachikulu. Madokotala anati akanachedwa pang'ono, bwenzi amama ataika mwana weniweni. Anachira, koma mpweya wake sunabwerere wonse. Kwaya anasiya, nyimbo imamuthera pakati. Zimenezo ndimazisenza tsiku lililonse.

Ine ndinakagona pamalo pake pomwepo, pafupi ndi ndowa. Loweruka loyamba amayi a Mvano atabwera, mmodzi anandifunsa dzina. Nditamuuza anadabwa, nati Yotamu amene akumudziwa ndi wina. Ndinati, "Amayi, amene munkamupempherera uja ndine." Pamenepo, pa simenti yonyowa, ndinapereka moyo wanga kwa Yesu. Kuyambira tsiku limenelo mowa sunadutsenso pakhosi panga.

Ndikutamanda Mulungu amene anasunga mng'ono wanga. Ndikumutamanda chifukwa cha a Nabanda amene anandidikira, ndi amama amene anandikhululukira asanatsikire kuli chete. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Tsono iwe mbale wanga, iwe mlongo wanga, wakhala kumbuyo pafupi ndi khomo kuti ungoona n'kubwerera. Ndikukudziwa, benchi imeneyo ndinakhalapo. Milandu yako Yesu anaivomera kale pa mtanda, umodziumodzi, m'dzina lako. Imene anasenza Wongani inatheka kubwezedwa kwa mwini wake, koma imene anasenza Yesu sadzakubwezeranso. Chimene akudikira n'chakuti uleke kubisala. Imirira lero, ubwere kutsogolo kuno, umuuze kuti munthuyo ndiwe.

Ameni.